Mmene mungazindikirire makola otetezera ndege zankhondo pa mabwalo akale

Munthu wopita kukaona bwalo lakale la ndege zankhondo, monga la Kenley kumwera kwa London, angathe kudutsa pafupi ndi zitunda zomera udzu osadziwa kuti ndi makola amene ankateteza ndege za Britain zotchedwa Spitfire ndi Hurricane m'chaka cha 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuti muwazindikire, yambani mwatsata msewu wozungulira bwalo, chifukwa makolawa sankamangidwa pakati koma m'mphepete, motalikirana, ndi cholinga choti bomba limodzi lisawononge ndege zambiri nthawi imodzi. Ku Kenley kunamangidwa makola 12, ndipo ambiri a iwo akuonekabe mpaka lero.

Mukapeza chitunda, musathamangire kukwera pamwamba pake, popeza mapazi a anthu ndiwo amagumula dothi. Imani kutsogolo, mbali yotseguka, pamene ndege inkalowera. Mudzaona kuti kholalo linapangidwa ngati chilembo cha E: chitunda chachitali kumbuyo, ziwiri m'mbali, ndi khoma lapakati logawa malowo kukhala zipinda ziwiri, chilichonse cha ndege imodzi. Yezani kutakata kwa chipinda ndi mapazi anu, mukukumbukira kuti mapiko a Hurricane ankatalika pafupifupi mamita 12 ndipo a Spitfire ankapitirira pang'ono mamita 11. Kenaka yang'anani pansi. M'munsi mwa zitunda mumakhala kakhoma kafupi ka njerwa kapena konkire kotchinga dothi kuti lisatsetsereke, ndipo m'makola ena mumapezeka mphete zachitsulo zokhomedwa pansi, pomwe ankamangirirapo ndege kuti mphepo isaigwedeze.

Chinthu chofunika kwambiri kuchimvetsa ndi choti khola lotere linalibe denga, ndipo sikuti omanga anaiwala. Bomba logwera mwachindunji pa ndege likanaiwononga ndithu, koma mabomba ambiri ankagwera chapafupi, ndipo chimene chinkapha ndege ndi mphepo ya kuphulikako, zidutswa zachitsulo zouluka chopingasa, komanso moto wolumphira kuchoka pa ndege ina kupita pa inzake. Dothi lokhuthala limameza zonsezi bwino kwambiri, ndipo linali lotsika mtengo komanso losavuta kuunjika mofulumira. Pa 18 August 1940 ndege za Germany zinaphulitsa Kenley n'kugumula mashedi akuluakulu osungiramo ndege, koma bwalolo linayambanso kugwira ntchito posakhalitsa. Kuipa kosiya ndege zitandandalikana pamalo amodzi kunaonekera poyera ku Pearl Harbor, ku Hawaii, pa 7 December 1941, pamene Japan inawonongera pansi ndege zambiri za America.

Musachoke musanafufuze chitunda chakumbuyo. M'kati mwake munkamangidwa chipinda chopapatiza cha konkire, chobisalamo anthu pafupifupi 25, makamaka amakaniko, othira mafuta ndi oika zipolopolo m'mfuti za ndege, omwe sakanatha kuthawira kutali chenjezo likalira. Kwa ine, chipinda chimenechi ndicho chimakhudza mtima kuposa zonse, chifukwa chimasonyeza kuti anthu ankagwira ntchito masitepe ochepa chabe kuchokera pa ndege imene adani ankaifunafuna. Makomo ambiri anatsekedwa, ndipo si bwino kulowamo popanda chilolezo cha osamalira malowo.

Ngati mukuyendera bwalo la dziko lina, musayembekezere kuona zitunda zadothi zokhazokha. Ku Malta, m'chaka cha 1942, asilikali ankamanga makola ndi miyala ya m'deralo komanso zigubu za mafuta zodzazidwa dothi kapena mchenga. Mukapeza nyumba ya konkire yokhala ndi denga lokhota ndi zitseko zolemera zachitsulo, dziwani kuti ndi ya m'badwo wina, pakuti zoterezi zinafala pambuyo pa nkhondo ya 1967, pamene Israel inawonongera pansi ndege zambiri za Egypt zisanauluke n'komwe.