Mukagwira ntchito kwa Mhindu, samalani poto ndi legeni

Amalawi ambiri akatsikira ku Durban, ganyu woyamba amaupeza kwa amwenye a ku Chatsworth kapena ku Phoenix, kaya m'nyumba, m'dimba la maluwa kapena m'shopu. Makolo a mabanja ambiriwa anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe. Ku Leicester, ku Britain, nakonso kuli amwenye ambiri, ena mwa iwo anachokera kwathu komwe m'zaka za m'ma 1970. Pakati pawo pali Asilamu ndi Akhristu, koma ngati abwana anu ndi Ahindu, dziwiranitu za zinyama, chifukwa ntchito ikhoza kutha pa kanthu koti inu simunakaganizire n'komwe.

Nkhani yaikulu ndi ng'ombe. Ahindu amaitcha mayi, popeza imayamwitsa anthu. Mafuta a mkaka wake, otchedwa ghee, ndi amene amayatsira nyali popemphera. Krishna, mmodzi wa milungu yawo, anakulira pakati pa abusa a ng'ombe, ndipo pakachisi wa mulungu wina, Shiva, mudzaona fano la nkhunzi, dzina lake Nandi, itagona pansi maso ali kwa mbuye wake. Kwathu timamva kuti a Mbewe sadya mbewa ndipo sitiwafunsa chifukwa chake. Apa napo n'chimodzimodzi, kungoti mwambowu ngwa anthu mamiliyoni ochuluka.

Choncho nyama ya ng'ombe isalowe m'nyumbamo, ngakhale mutagula ndi ndalama zanu, ngakhale mutaikulunga m'majumbo awiri n'kuibisa kuseri kwa filiji. Poto wa adona musaphikiremo. Mabanja ena poto wotere samutsukanso, amangomutaya. Chimene chimakola ambiri si nthuli yooneka ndi maso ayi, koma zobisika: timakyubu tothira mu supu, soseji ya boerewors, biltong, ndi maswiti ofewa okhala ndi gelatine (wopangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama), amene mwina mwagulira mwana wa abwana mwachikondi. Inu osamalira okalamba ku Britain, werengani zolembedwa papaketi, makapusozi a mankhwala omwe, ndipo mukakayika funsani achibale ake. Musaiyese nkhani yochepa. Mu 2016, zitadziwika kuti ndalama yatsopano ya £5 ili ndi timafuta ta nyama, akachisi ena a Ahindu kumeneko anakana kuilandira.

Koma musaganize kuti Mhindu aliyense ndi wa masamba okhaokha. Ku Durban ambiri amadya nkhosa, nkhuku ndi nsomba, ndipo mabanja ena achi Tamil, mtundu wochokera kum'mwera kwa India, amapha nkhuku kapena mbuzi pa mapemphero ena. Chovuta n'chakuti pali masiku osala. Banja lina limasala Lolemba, lina Lachiwiri, ndipo pa mwezi wa Purtassi, kuyambira pakati pa September mpaka pakati pa October, achi Tamil ambiri sakhudza nyama, nsomba ngakhale dzira. Tsiku loyamba lomwe funsani kuti, "Adona, masiku osala ndi ati, nanga mapoto a nyama ndi ati?" Funso limeneli limakupatsani ulemu kuposa kukolopa nyumba yonse.

Kunja kwa khitchini kuli apusi. Amene akukhala ku Durban akuwadziwa, amalowera pazenera n'kuthawa ndi buledi. Dzanja la mwana wakumudzi limathamangira mwala kapena legeni. Ligwireni. Hanuman, mulungu amene Ahindu amamukonda kwambiri, ali ndi nkhope ya nyani, ndipo ku Chatsworth komweko kuli chifanizo chake chachitali. Abwana akhoza kumadandaula ndi apusiwo tsiku ndi tsiku, koma kuona wantchito wawo atavulaza mmodzi ndi nkhani ina. Tsekani mazenera, vindikirani bini, athamangitseni ndi madzi a mupaipi. Njoka nayo, Shiva amaivala m'khosi, ndiye mukaiona m'dimba itanani eni nyumba, aitane ogwira njoka. Ngakhale mankhwala a makoswe funsani kaye musanathire. Ambiri adzavomera, koma Ganesha, mulungu wawo wa mutu wa njovu, amakwera khoswe. Za mbewa zathu zapamphani, ine ndikanakhala inu sindikanazitchula pa nthawi ya chakudya. Mukapeza mpunga waikidwa pakhonde kapena pakhoma, musasese msanga, mwina ngwa akhwangwala pa mwambo wokumbukira makolo.

Kwa inu opita ku India kusukulu kapena ndi wodwala, nkhaniyi imafika mpaka kupolisi. Ndime 48 ya malamulo aakulu a dzikolo imauza boma kuti liletse kupha ng'ombe, ndipo madera ambiri anakhazikitsa malamulo awoawo. Ku Gujarat, kuyambira 2017, wopha ng'ombe akhoza kukhala kundende moyo wake wonse. Choopsa kwambiri ndi gulu la anthu: mu 2015 ku Dadri, ku Uttar Pradesh, bambo wina anaphedwa chifukwa cha mphekesera chabe zoti ali ndi nyama ya ng'ombe m'nyumba. Ku Kerala amaidya poyera, koma musainyamule m'chikwama podutsa malire a madera. Mukaona mawu akuti "buff" pa menyu, imeneyo ndi njati yoweta. Pamapaketi a zakudya yang'anani kadontho kobiriwira m'kabokosi, ndiye kuti mulibe nyama. Ng'ombe ikagona pakati pa msewu, izungulireni ngati mmene achitira eni dziko, musaimenye chibakera kapena kuigenda. Ku Vrindavan magalasi ndi foni ikani m'thumba, anyani akumeneko amatsomphola n'kudikira muwaponyere chakumwa kuti abweze.

Akakuitanani kukachisi pa Diwali, chikondwerero chawo cha nyali, kapena paukwati, nsapato zimatsala pakhomo, ndipo m'malo ena lamba ndi chikwama chachikopa zimatsalanso komweko. Valani thalauza loti likhoza kuima lokha popanda lamba.