Kulowa mu parishi ya Episcopal mukafika ku America

Mwafunsa kuti inu a Anglican mungalowe bwanji mu parishi ya Episcopal. Mpingo wa Episcopal ndi wa Anglican ndi banja limodzi, sakubatizaninso.

Choyamba, pemphani kalata kwa ansembe a parishi yanu kumudzi, yosonyeza kuti munabatizidwa ndi kusanjikidwa manja ndi bishopu. Mukaipereke kwa wansembe wamkulu, kumeneko amati rector, alembe dzina lanu m'kaundula.

Mapemphero akatha musathamangire kunyumba. Tsalirani pa coffee hour, pomwe anthu amamwa khofi ali chiimire. M'pamene mungamve za kwaya, gulu lochapa nsalu za paguwa, ndi logawa chakudya kwa osowa. Lowani gulu limodzi kaye, osati onse.

Chakumapeto kwa chaka adzakupatsani khadi lolembapo chopereka cha chaka chamawa. Lembani zomwe mungathedi.