Pepala Losainirana Posiyana Banja ku England Silitseka Nkhani ya Chuma

Abale anga okhala ku England ndi Wales, ngati banja lanu latha ndipo mwagawana katundu pa pepala lolemba nokha, dziwani kuti nkhani ya chuma ikadali yotsegula, ngakhale pepalalo litasainidwa ndi mboni khumi. Kuthetsa ukwati n'kosavuta, chifukwa kuyambira pa 6 Epulo 2022 munthu amapempha pa intaneti popanda kuloza mnzake chala, koma final order, chigamulo chomaliza cha khothi, imangothetsa ukwatiwo, sigawa chuma.

Pamene tinkasiyana ndi mayi a ana anga, mnzanga wa kutchalitchi anandilozera kwa bambo wina amene ankalembera anthu mafomu a viza m'kachipinda ka pamwamba pa shopu. Ndinam'patsa £400, ndipo iye analemba masamba atatu onena kuti ine ndisiye galimoto ndi ndalama zonse za kubanki, pamene mayiwo asadzakhudze penshoni yanga kapena nyumba imene ndinkamanga ku Area 25. Anadindapo chidindo chofiira n'kunena kuti, "Achimwene, apa zatha, palibe khothi lingasinthe zimenezi." Ankhoswe athu anamvetsera pa foni ali kumudzi, ndipo onse anavomereza.

Patapita zaka zitatu ndinalandira kalata ya loya wa mayiwo yofuna gawo la penshoni ndi la nyumba ija. Loya amene ndinam'peza atawerenga masambawo anandifunsa ngati aliyense wa ife analandira uphungu kwa loya wake asanasaine, ndiponso ngati tinaululirana chuma chonse. Zonsezi sizinachitike. Mayiwo sindiwaimba mlandu popeza lamulo linkawalola, koma mtima umandiwawabe ndi bambo uja, amene analandira ndalama zanga pa ntchito yomwe sankaidziwa, ndipo nthawi imeneyo foni yake inali itasiya kugwira.

Lamulo la Matrimonial Causes Act la 1973 limanena kuti mawu a m'pangano oletsa wina kupita kukhothi alibe mphamvu. Woweruza angathe kuliganizira pepala lanu, koma sakakamizidwa kulitsatira. Musadalirenso kuti zaka zikapita nkhani imafa, pakuti mu 2015 Supreme Court inalola Kathleen Wyatt kupitiriza mlandu wofuna ndalama kwa Dale Vince, ngakhale kuti ukwati wawo unatha mu 1992.

Chofunika ndi consent order: loya amalemba pangano lanulo, mumadzaza fomu ya D81 yofotokoza chuma cha aliyense, ndipo woweruza amalivomereza. Pemphani kuti muikidwe clean break ngati mukufuna kuti wina asadzabwerenso kudzapempha chuma. Nyumba kapena puloti ya ku Malawi musaibise pa fomuyo, chifukwa chigamulo chopezeka mwa kubisa chuma chimatha kufafanizidwa. Musanalipire aliyense, fufuzani dzina lake m'kaundula wa Solicitors Regulation Authority, bungwe loyang'anira maloya, ndipo lekani kukhulupirira zidindo!

Penshoni sigawidwa popanda chigamulo cha khothi. Musathamangirenso kukwatira kapena kukwatiwa musanapereke pempho la chuma, chifukwa mukatero mumataya ufulu wanu wopempha pamene mnzanuyo amakhala nawobe wake. Ndalama zosamalira ana zimene mwangogwirizana awiri sizingakakamizidwe, ndipo wina akasiya kupereka, njira yake ndi Child Maintenance Service, nthambi ya boma yoona za ndalama zosamalira ana. Okhala ku Scotland malamulo awo ndi ena, popeza kumeneko minute of agreement, pepala la pangano la osiyanawo, ikalembetsedwa m'kaundula wa boma imakhala ndi mphamvu yokakamiza munthu kulipira.