Mpingo ndi ana amasiye: poyambira maliro akangotha

Ana amasiye ambiri a ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere mumzinda wa Lusaka ku Zambia amalandidwa nyumba tsiku lomwe achibale akhala pansi kugawana za malemu. Choncho abusa atumize anthu awiri pa zokambiranazo, mkulu wa mpingo ndi mayi wa chigwirizano, ndipo apite akudziwa lamulo.

Lamulo la 1989 la chuma cha masiye limati munthu akamwalira osalemba wilo, ana amatenga 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wake 20, makolo 20, ena amene ankadalira malemuwo 10. Nyumba ndi ya ana pamodzi ndi kholo lotsala. Amene wasankhidwa kukhala administrator ndi woyang'anira chabe, katunduyo si wake, ngakhale ena amaiwala zimenezi mwadala. Mukaona firiji ndi mabedi zikukwezedwa pa galimoto, musakokanekokane nawo pabwalo. Kanenani ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, pa polisi yapafupi.

Sabata yomweyo sonkhanitsani mapepala: satifiketi ya imfa, ya kubadwa kwa mwana aliyense, makadi a kusikelo, mapepala a nyumba, ndi nambala ya NAPSA, bungwe la boma la penshoni, ngati malemu anali pantchito. Jambulitsani, kope imodzi ikhale ku ofesi ya mpingo. Akasowa, mwana amadzavutika potenga NRC, chitupa cha unzika, akakwanitsa zaka 16.

Ngati pali agogo, azakhali kapena amalume odalirika, mwana akhale kwa iwo, ndipo thandizo lipite ku khomo lonse. Mukagulira wamasiye yekha nsapato, ana a m'nyumbamo n'kumayenda chosavala, mwamuutsira chidani. Thumba la unga la 25 kg, nyemba kapena kapenta, saladi, sopo ndi makala, zikamafika tsiku lodziwika mwezi uliwonse, zimaposa phwando lalikulu la pa Khirisimasi. Sukulu za boma n'zaulere kuyambira 2022, koma yunifomu, nsapato ndi makope n'zogula, ndiye zigulidwe temu isanatsegulidwe. Aperekezeni agogo ku Social Welfare kukafunsa za Social Cash Transfer, ndalama zomwe boma limapereka kwa mabanja osauka, komanso ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya m'wodi, za basale ya CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu.

Ndalama za mpingo zothandizira amasiye zisasakanikirane ndi za zomangamanga, chifukwa malata akafunika, amasiye ndi amene amadikira. Deuteronomo 14:28-29 anapatuliratu chakhumi cha chaka chachitatu kuti Alevi, alendo, amasiye ndi akazi amasiye adye akhute. Tsegulani akaunti yakeyake, osayinira awiri, ndipo lipoti liziwerengedwa mumpingo popanda kutchula mayina. Kuimika ana kutsogolo kapena kuika zithunzi zawo pa Facebook n'kuwachititsa manyazi.

Yakobo 1:27 akunena za kuwachezera amasiye. Muzipita awiriawiri, mwamuna asapite yekha kwa mwana wamkazi. Onani m'makope ngati akulembadi, ndipo ngati ali pa ma ARV, funsani mwakachetechete tsiku lake la ku kiliniki. Mwana akaulula kuti akugwiriridwa kapena kumenyedwa, imeneyo si nkhani yokambirana m'bwalo la akulu a mpingo. Imbani 116, nambala yaulere ya Childline, ndipo pitani naye ku polisi ndi ku chipatala tsiku lomwelo.