Momwe mungathandizire nkhuku kuikira mazira m'nyengo yozizira pogwiritsa ntchito magetsi

Ikafika Juni, alimi ambiri a nkhuku zoikira mazira amayamba kudandaula kuti m'khola mukutuluka mazira ochepa. Mlandu timaupatsa chisanu, koma chachikulu ndi kufupika kwa tsiku. Kuwala kukafika ku ubongo wa nkhuku kumadzutsa timadzi ta m'thupi tomwe timachititsa kuti dzira lipangike, ndipo kuti iziikira bwino imafuna kuwala kwa maola 14 mpaka 16 patsiku. Ku Lilongwe, pakati pa Juni, dzuwa limawala maola 11 ndi mphindi pafupifupi 20 basi. Ku Johannesburg ndi maola 10 ndi theka, pomwe ku London mu Disembala safika n'komwe 8. Babu limodzi lingathe kukwaniritsa maola osowawo.

Yambani mwaona msinkhu wa nkhuku zanu. Misoti yosakwana masabata 18 musaiwonjezere kuwala. Ikayamba kuikira thupi lisanakhwime, mazira amakhala aang'ono, ndipo ina imatuluka chiberekero, zinzake n'kuyamba kuijompha mpaka kufa. Nkhuku zomwe zikuthothoka nthenga nazonso zisiyeni zimalize kaye.

Kenako sankhani babu. Pa khola la mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi, babu la LED la mawati 5 mpaka 7 lakwana, makamaka lowala mofiirira, osati loyera mbee. Lipachikeni pakati, mamita 2 kuchokera pansi, kuti kuwala kuzigwa pa zodyera ndi zomwera koma zisa zikhale mumthunzi. Kuti mudziwe ngati kuwala kwakwana, njutani pomwe pamafika mutu wa nkhuku mutsegule nyuzipepala. Ngati mukutha kuwerenga, basi. Mawaya adutse mupaipi chifukwa makoswe amaluma, ndipo babulo muzilipukuta sabata iliyonse, fumbi la utuchi silichedwa kuliphimba. Koloboyi ndi kandulo ayi ndithu: nkhuku imodzi ikangouluka n'kugwetsa, khola lonse lapita.

Nthawi yoyatsa ndiyo imafuna kuganiza bwino. Ine ndimakonda kuwonjezera m'mawa, chifukwa madzulo nkhuku zimafunika kuona mdima ukubwera pang'onopang'ono kuti iliyonse ikwere pamalo pake. Mukazimitsa mwadzidzidzi usiku, zimakhala zidakali pansi, zimapanikizana pakona. Mu Juni kuno dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, choncho kuti maola 14 akwane babu liyake 3:30 m'bandakucha, lizime kukayera. Koma musalumphire pomwepo tsiku loyamba. Yambani 5:30, ndipo sabata iliyonse muzibweza ndi mphindi 30 mpaka mufike 3:30.

Mukayamba, musadukize. Nkhuku yomwe yazolowera maola 14 ikaona kuti kuwala kwachepa imatenga ngati nyengo yatha, imaleka kuikira, mwinanso kuyamba kuthothoka nthenga. Ndiye ngati kwanuko magetsi amazimazima, kuli bwino nyale ya sola yokhala ndi batire yake. Kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa pakokha, kotchedwa taimala, kamakupulumutsani kudzuka ndi tambala woyamba. Ngati mukuona kuti simungathe kusunga nthawi tsiku ndi tsiku, kuli bwino osayamba. Kusiya babu likuyaka usiku wonse nakonso n'kulakwa, chifukwa nkhuku zosagona zimakhala zaukali ndipo zimajomphana.

Babu likayaka, nkhuku zimatsika zili ndi njala, choncho ikiranitu chakudya ndi madzi m'khola usiku womwewo. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo chakudyacho chikhale cha leyazi, chopangidwira nkhuku zoikira, chokhala ndi mapuloteni osachepera 16 pa 100 alionse komanso laimu wolimbitsa chikamba cha dzira. Madeya okha sangabale mazira, ngakhale muyatse mababu angati.

Njirayi imapindulitsa kwambiri pa nkhuku za mazira monga Hy-Line Brown, ndiponso za Mikolongwe. Zachikuda zimaikira mazira khumi ndi angapo n'kufuna kufungatira, choncho musayembekezere zambiri kwa izo. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita masabata angapo. Ngati mwezi wonse watha mazira osachuluka, yang'anani utitiri ndi nsabwe pansi pa mapiko, funsani alangizi a ziweto za mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo onetsetsani kuti katemera wa chitopa sanadutse nthawi.