Musamange ngolo musanayang'ane ziboda

Chikolole chimanga, abulu ndi akavalo ena kuno ku Thyolo agwidwa ndi laminitis, matenda a ziboda amene amabwera chiweto chikakhuta madeya kapena chimanga chosiyidwa poyera. Chikundiwawa n'chakuti eni ake akangoona kuti kutsimphina kwachepa, akubwezera chiweto pangolo osanyamulako ngakhale mwendo umodzi.

M'kati mwa chiboda muli fupa lolumikizidwa ku chikhungwa cholimba chakunja kwa chibodacho ndi timinofu topyapyala. Matendawa amafooketsa timinofuti, ndiye fupa limapendekeka nsonga yake n'kuloza pansi, kapena lonse limatitimira. Ululu utha kuchepa fupalo litasuntha kale. Mukawonjezera matumba a chimanga ndi zitunda za ku Thekerani, timinofu totsala timang'ambika, mwinanso fupa n'kuboola pansi pa chiboda. Zikafika pamenepo chiweto nthawi zambiri sichibwereranso pantchito.

Ndiye yang'anani. Yambani ndi miyendo yakutsogolo m'mawa, dzuwa lisanatenthe. Chiboda chofunda kuposa zinzake, komanso mtsempha wogunda mwamphamvu kuseri kwa mfundo ya pamwamba pa chiboda, zikutanthauza kuti matenda akadali m'kati. Yendetsani chala pamene ubweya ukumana ndi chiboda: mukapeza pobonyoka, fupa latsika, itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Pansi pa chiboda chabwino pamakhala polowa m'kati ngati kambale. Pakaphwatalala kapena kutukumuka, makamaka kutsogolo kwa nsonga ya kamnofu kooneka ngati V, kapena pakaoneka magazi oundana, fupa likukankha. Onaninso mzere woyera wolekanitsa chikhungwa ndi pansi. Ukatambasuka chakutsogolo, ukufumbutuka ndi kulowa dothi, chikhungwa chikusiyana ndi fupa.

Mizere yozungulira chiboda ambiri amaiwerenga molakwika. Mzere wofanana mbali zonse utha kubwera chifukwa chongosintha chakudya. Mizere ya laminitis imathinana kutsogolo n'kutalikirana chakuchidendene. Imachedwanso kuoneka, chifukwa chiboda cha kavalo chimakula mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, ndipo kuti chonse chisinthike pamatha miyezi 9 mpaka 12. Kusaona mzere sabata yoyamba kusakunamizeni.

Mlimi wina wa kufupi ndi Luchenza ankaumirira kuti bulu wake wangoyamba ulesi, poti ankakonda kugona ndiponso kukana kukhota. Anamusema ziboda ndi chikwanje kufuna munga womwe kunalibe, n'kupepula pansi pomwe panali kuteteza fupa. Bulu amapirira ululu mwakachetechete, kugonagonako ndiye kulira kwake. Chizolowezi cha chikwanjechi chithe ndithu, ndipo zoti chiweto chiyendetsedwe kuti "magazi ayende" zikungowonjezera kung'ambika.

Mukapeza zizindikirozi, chikhazikeni chiwetocho m'khola lothira mchenga wokwanira kuti ziboda zizimira. Madeya, chimanga ndi msipu wanthete zilekeni, chipatseni udzu wouma ndi madzi, koma osachigoneka ndi njala, bulu makamaka, chifukwa njala imamudwalitsa matenda a mafuta m'magazi omwe amapha. Masiku oyambirira imikani miyendo m'madzi ozizira kwambiri. Mankhwala a ululu apereke dokotala, ndipo kupendekeka kwenikweni kwa fupa kumaoneka pa X-ray pokha. Ziboda azisema wodziwa, pang'onopang'ono, masabata 6 mpaka 8 aliwonse.