Khonde la matabwa likawola ku UK: mugule composite kapena thabwa lenileni?

Nyumba zambiri zimene Amalawi timagula kapena kuchita lendi kuno ku Britain zimakhala ndi khonde la matabwa kuseri, lomwe eni dziko amati decking. Likakhala la paini, pakatha zaka 10 mpaka 15 limayamba kufewa, masikuluwu kutuluka mitu, ndipo mvula ikangowaza pamaterera moti agogo obwera kudzaona zidzukulu sangayerekeze kupondapo. Mukaitana mmisiri, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Tiikepo composite kapena timber?" Composite ndi matabwa opangidwa ndi utuchi ndi pulasitiki, pamene timber ndi thabwa lenileni. Musafulumire kuyankha. Yambani mwazula thabwa limodzi kapena awiri n'kusuzumira pansi.

Khonde limaima pa nsanamira ndi mitanda imene simuiona. Tengani sikuludiraiva, mubaye mtanda pamwamba pamene panalowa masikuluwu, ndiponso nsanamira m'munsi pamene yakhudza dothi. Ikalowa mosavuta, thabwa n'kumanyenyeka, ndiye kuti mitandayo yatha. Kumudzi tinazolowera kuti mdani wa thabwa ndi chiswe. Kuno chiswe si nkhani. Chimene chimadya thabwa ndi chinyezi chosatha, makamaka kuseri kwa nyumba kumene dzuwa silifika kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Kuyala composite wodula pa mitanda yotere n'chimodzimodzi kukhoma malata atsopano pa mapaso ofumbwa. Makampani ena, monga Trex, amalonjeza kuti matabwa awo akhala zaka 25 kapena kuposa, koma lonjezolo ndi la matabwa oyala pamwambawo basi. Za pansi n'zanu.

Choncho kaya musankha chiyani pamwamba, mitanda ndi nsanamira zikhale za thabwa lothiridwa mankhwala kufika pa mlingo wa UC4, womwe ndi wa thabwa lokhudza dothi. Kungoona kuti thabwa ndi lobiriwira sikokwanira, poti la UC3, lomwe siliyenera kukhudza dothi, limaonekanso chimodzimodzi. Funsani ku Wickes, B&Q, Travis Perkins kapena kulikonse mukugula, ndipo mmisiri alembe mlingowu pa kotesheni. Paliponse pamene macheka adutsa apakepo mankhwala, chifukwa mkati mwa thabwa mankhwala aja safika bwino. Pali tepi yakuda yomata pamwamba pa mitanda kuti madzi asalowere m'mabowo a masikuluwu. Ndalama yake ndi yochepa, musaidumphe.

Composite ndi utuchi wosakaniza ndi pulasitiki. Ubwino wake aliyense amaudziwa: safuna kupaka mafuta chaka ndi chaka, salasa ana tizitsotso kumapazi, kutsuka kwake ndi madzi a sopo ndi bulashi basi. Kwa munthu wogwira mashifiti a usiku ku care home kapena kuchipatala, amene Loweruka lake ndi logona ndi kuchapa, zimenezi si zazing'ono. Koma composite sali mtundu umodzi. Alipo wokutidwa ndi chikopa cha pulasitiki kunja, amene amati capped, ndi wosakutidwa. Wosakutidwayo ndi wotchipa, koma amamwa mafuta a nyama ndi vinyo n'kusiya zipsera, ndipo amasuluka msanga. Aliponso wamphako mkati ndi wodzaza. Wamphako ndi wopepuka, koma pa masitepe ndi m'mphepete ine ndingaike wodzaza.

Zimene ogulitsa satchula kawirikawiri ndi izi. Composite amatalika kukatentha n'kufupika kukazizira, ndiye pamene matabwa awiri akumana mitu payenera kutsala mpata umene kampaniyo yanena. Mmisiri wozolowera paini akawathinanitsa, pofika Julaye mudzaona khonde likutukuka. Amafunanso mitanda yoyandikana, kawirikawiri masentimita 30 mpaka 40 kutengera kampani, kotero mitanda yakale, ngakhale ili yolimba, mwina ifunika kuwonjezera. Wakuda amatentha zedi padzuwa, mwana wopanda nsapato amalira. Ndipo ife okonda mbaula ndi braai timve bwino apa: khala la moto likagwera pa thabwa limasiya banga loti mutha kupala ndi sandipepa, koma pa composite limasungunula, ndipo palibe kupala, n'kusintha thabwa lonse, mtundu wake n'kupezeka kuti kampani inasiya kupanga. Mbaula muikireni malo ake pa masilabu a konkire pambali.

Thabwa la paini lothiridwa mankhwala ndiye lotsika mtengo. Composite wabwino amadula kawiri kapena katatu. Thabwa la paini kalipentala aliyense amalidziwa, ndipo limodzi likaonongeka mumangogula lina n'kukhomapo. Mtengo wake weniweni ndi thukuta lanu: kulikwecha ndere nyengo yozizira ikatha, kulisiya liume, n'kulipaka mafuta a decking chaka chilichonse kapena pakatha ziwiri. Penti ayi, amasupuka. Anthu ambiri amaganiza kuti matabwa amizeremizere aja saterera. Zoona zake n'zakuti m'mizeremo ndi mmene mumakhala dothi ndi ndere, ndipo chimene chimateretsa ndi nderezo. Composite naye akakhala pamthunzi osatsukidwa amamera ndere. Matabwa olimba ngati balau, ipe ndi iroko ndi okongola ndipo amakhalitsa, koma mtengo wake umafanana ndi wa composite kapena kuposa, ndipo amafuna kuboola kaye komanso masikuluwu osachita dzimbiri. Mukawafuna, onani kuti ali ndi chizindikiro cha FSC, chosonyeza kuti anachokera ku nkhalango yosamalidwa bwino. Ife amene tinaona mkungudza ukutha pa phiri la Mulanje sitifunika kuuzidwa chifukwa chake.

Ndiye musankhe chiti? Ine ndimayang'ana zaka zimene munthu akhale m'nyumbamo. Ambiri a ife mwendo wina uli kuno, wina uli pa puloti ku Area 49 kapena ku Chileka kumene nyumba yaima pa lintala kudikira malata. Ngati mukuganiza zogulitsa kapena kusamuka pasanathe zaka 5, ikani paini wabwino pa mitanda yabwino, mapaundi otsalawo apite kumene akufunika. Ngati ana ali kusukulu kuno, mortgage idakali yaitali, ndipo mukudzidziwa kuti bulashi ya mafuta simudzaigwira, gulani composite wokutidwa, wowalirapo mtundu. Pemphani tizidutswa taulere ku makampani awiri kapena atatu, mutisiye panja, mutithire mafuta ophikira, mutikande ndi kiyi, muone.

Abale a ku Johannesburg ndi Cape Town, nkhani yanu yapendekera kwina: dzuwa ndi lamphamvu, ndiye kutentha kwa composite wakuda n'kwenikweni, ndipo chiswe chilipo. Kumeneko milingo ya mankhwala ndi H3 pa thabwa la panja losakhudza dothi ndi H4 pa lokhudza dothi.

Za malamulo. Ku England simufunika chilolezo cha khonsolo ngati khonde silikupitirira masentimita 30 kuchoka pansi, ndipo pamodzi ndi shedi ndi zomanga zina silikudya malo opitirira theka la bwalo. Mwayi umenewu sukhudza mafulati, ndipo nyumba zakale zotetezedwa ndi boma zili ndi malamulo ena. Scotland nayo ili ndi miyezo yake. Ngati muli pa lendi, kaya kwa landilodi, kukhonsolo kapena ku housing association, khonde lowola ndi lowauza iwo, mowalembera, ndi zithunzi. Musaikepo ndalama zanu popanda chilolezo cholembedwa.

Matabwa akale mwazulawo musawasandutse nkhuni zootchera nyama kapena chimanga. Ali ndi mankhwala, ndipo amene anaikidwa chisanafike chaka cha 2004 akhoza kukhala ndi CCA, momwe muli poizoni wa arsenic. Utsi ndi phulusa lake n'zoopsa. Apititseni ku tip ya khonsolo, malo otayirako zinyalala, koma yambani mwaona pa intaneti, chifukwa makhonsolo ena amafuna kubukitsa tsiku, makamaka mukabwera pa vani.